Kuletsa kusuta fodya m'nyumba zosonkhanamo anthu: njira zimene khonsolo ingatsate ndi pamene iliyonse imaphonya

Kulemba lamulo loletsa kusuta m'bala, m'malo odyera kapena m'minibasi si ntchito yaikulu, masamba awiri amakwana. Lamulolo limayesedwa Lachisanu usiku cha m'ma 10 koloko, woyendera malo wa khonsolo atalowa m'bala modzaza anthu, utsi uli tolotolo, mwini wake n'kumuuza kuti, "Pano si mkati ayi bwana, ndi pakhonde." Ngati lamulo silinanene kuti mkati ndi pati, wolakwa ndani, ndiponso chindapusa akalipira kuti, woyenderayo abwerera chimanjamanja. Choncho njira iliyonse m'munsimu tikuiyeza ndi mafunso awiri. Kodi ikuchotsadi utsi pamphuno pa wogwira ntchito amene amakhala m'chipindamo kuyambira masana mpaka pakati pa usiku? Nanga khonsolo ya antchito ochepa, imene nthawi zina imasowa ndi mafuta a galimoto omwe, ingakwanitse kuitsatitsa?

Malawi inalowa m'pangano la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta fodya, lotchedwa FCTC, mu 2023, patapita zaka 20 chivomerezedwere panganolo. Ndime 8 yake imafuna kuti anthu atetezedwe ku utsi wa fodya m'malo a ntchito, m'magalimoto onyamula anthu ndi m'nyumba zonse zimene anthu amasonkhanamo. Lamulo la dziko lonse loletseratu kusuta m'malo otere silinakhazikitsidwe, koma lamulo la Local Government Act la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo. M'maiko ena ntchitoyi inkayambira kumunsi komweko: tauni ya San Luis Obispo ku California inaletsa kusuta m'nyumba zonse za anthu ambiri, mabala omwe, mu 1990, ndipo mabala a m'chigawo chonse cha California anatsatira mu 1998.

Mawu oyamba amene makhansala adzamve ndi akuti "mukupha mlimi". Fodya amene amagulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu pafupifupi yense amapita kunja, ndipo mtengo wa belo sudalira munthu woyatsa ndudu m'bala ku Ndirande. Lamulo tikunenali sililetsa kulima, kugulitsa ngakhale kusuta kumene. Likungonena za malo. Chifukwa chake n'chakuti munthu wosasuta amene amapuma utsi wa anzake nthawi zonse, chiopsezo chake cha matenda a mtima chimakwera ndi 25 mpaka 30 pa 100, cha khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 pa 100, ndipo kwa ana utsiwu umautsa mphumu ndi chibayo.

Kuletsa mpaka pati?

Njira yofewa kuposa zonse ndiyo kupempha eni malo kuti aletse mwa kufuna kwawo. Siwonongetsa ndalama, siyambanitsa khonsolo ndi aliyense, komanso siphula kanthu. Mwini bala amadziwa kuti akaletsa yekha, makasitomala awolokera kwa mnzake wa tsidya la msewu. Ku England anaiyesa kuyambira 1999 kudzera m'mgwirizano wa boma ndi eni mabala, ndipo patapita zaka zingapo mabala amene analetseratu anali owerengeka chabe. M'mabanki ndi m'masitolo akuluakulu imagwira, koma kumeneko anthu sankasuta n'kale.

Yachiwiri ndi kugawa chipinda chimodzi, matebulo a osuta uku, a osasuta uko. Makampani a fodya anailimbikitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1990 poyitcha njira ya ulemu kwa onse. Utsi sudziwa malire a tebulo. Tinthu take timene timalowa mpaka pansi pa mapapo n'tating'ono kwambiri moti timayandama mumpweya kwa maola, ndipo fani wa kudenga amangotimwaza m'chipinda chonse. Kutsegula mawindo kumachepetsa fungo, anthu n'kuganiza kuti zatha. Njira iyi musataye nayo nthawi.

Yachitatu ndiyo imakopa anthu anzeru zawo, choncho tiione bwino: chipinda chapadera cha osuta. South Africa imatsata imeneyi, ndipo Amalawi ambiri operekera zakudya m'malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town amaidziwa. Lamulo la kumeneko limalola mwini malo kupatula gawo losapitirira 25 pa 100 ya malo ake, lotchingidwa ndi khoma lenileni ndi chitseko, lokhala ndi makina otulutsa mpweya kunja osaubwezera m'nyumba, ndipo mwana wosakwana zaka 18 salowamo. Papepala zikuoneka zabwino. Pochita, chitseko chija chimatseguka nthawi iliyonse imene mbale ya chakudya kapena botolo likulowa, ndipo chikamatsekedwa chimakankhira utsi kubwalo la osasuta. Kuti utsi usatuluke, makina ayenera kukoka mpweya wambiri kuposa umene ukulowa m'chipindacho, usiku wonse osapuma. Magetsi akathima, chipinda chija chasanduka chipinda wamba. Ena amazimitsa makinawo dala kuti bilu isakwere. Ndipo wogwira ntchito, amene lamulo limafuna kuteteza, ndi yemweyo amene akulowamo kukapukuta matebulo.

Kwa khonsolo, chipinda cha osuta ndi mtolo. Woyendera malo ayenera kuyenda ndi tepi yoyezera kuti aone ngati gawolo silinapitirire, ayenera kudziwa kuyesa kumene mpweya ukulowera, ndipo mlandu uliwonse umasanduka mkangano wa amisiri. Bungwe la mainjiniya a za mpweya wa m'nyumba ku America, ASHRAE, linanena mu 2005 kuti palibe makina amene angachotse chiopsezo cha utsi wa fodya m'nyumba, kupatula kuletsa kusutako. Ku Netherlands zipinda zotere zinakhalapo kuyambira 2008 mpaka khoti lalikulu litagamula mu 2019 kuti m'mabala ndi m'malo odyera zikutsutsana ndi ndime 8 ya FCTC, pangano lomwe Malawi walowamo. Eni malo amene anamanga makoma a galasi anataya ndalama zawo. Palinso nkhani ya chilungamo: hotela yaikulu ingathe kumanga chipinda, mwini botolo sitolo wa chipinda chimodzi sangathe, ndiye amayamba kudandaula kuti lamulo likukondera olemera. Apo sakunama.

Podziwa dandaulo limeneli, maiko ena anasankha kukhululukira malo aang'ono. Spain mu 2006 inalola mabala osakwana masikweya mita 100 kusankha okha, ndipo ochuluka zedi anasankha kuti anthu azisuta. Zinatenga lamulo lina, la pa 2 Januwale 2011, kuti utsi uchokedi. Masikweya mita 100 ndi chipinda cha mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mabala ambiri a m'makwalala mwathu safika pamenepo, choncho lamulo lotere kuno likhoza kukhululukira pafupifupi aliyense, n'kusiya utsi wochuluka m'zipinda zopanikizika zimene mpweya wake ndi wochepa kale.

Yatsala ndi kuletseratu m'nyumba monse, popanda chipinda kapena kupatula. Anthu amaiona ngati yankhanza, koma ndiyo yosavuta kutsatitsa chifukwa funso lake ndi limodzi: muli utsi kapena mulibe? Silifuna tepi kapena makina, mphuno ndi maso zakwana, ndipo kasitomala aliyense akudziwa lamulo mofanana ndi woyendera malo. Ireland inali dziko loyamba kuletsa m'malo onse a ntchito pa 29 Malichi 2004, ndipo m'chaka choyamba malo 94 pa 100 aliwonse oyenderedwa anapezeka akutsata. Scotland italetsa pa 26 Malichi 2006, tinthu ta utsi tija m'mabala oyezedwa tinatsika ndi 86 pa 100 m'miyezi iwiri, ndipo odwala mtima mwadzidzidzi ogonekedwa m'zipatala zisanu ndi zinayi anachepa ndi 17 pa 100 m'miyezi khumi. Za malonda, kafukufuku amene sanalipiridwe ndi makampani a fodya wakhala akupeza kuti mabala ndi malo odyera akatengedwa pamodzi sataya ndalama. Izi sizikutanthauza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene amavutika: bala yopanda bwalo kapena khonde imamva kupweteka kuposa inzake m'miyezi yoyamba. Mavuto ena odziwika ndi phokoso la osuta pakhomo ndi tizidutswa ta ndudu mumsewu. Mankhwala ake ndi chitini cha mchenga choikidwa panja, kutali ndi chitseko ndi mawindo.

Ena amapitirira mpaka panja. Khonsolo ya Nairobi mu 2007 inaletsa kusuta ngakhale mumsewu, n'kupatula timalo tochepa tosutirapo monga ku Jeevanjee Gardens. Lamulo la Uganda la 2015 limaletsa kusuta pa mtunda wosakwana mamita 50 kuchokera pamalo a anthu ambiri. Pamsika ngati wa Limbe kapena pa depoti ya Lilongwe, mamita 50 ndiye kuti paliponse mpoletsedwa, ndipo lamulo limene aliyense akuphwanya limaphunzitsa anthu kulinyozera lonse. Kwa khonsolo yoyamba kumene, m'nyumba ndi mamita ochepa kuchokera pakhomo, monga asanu, n'zokwanira. Mabwalo a sukulu ndi a chipatala mungawaletse onse chifukwa ali ndi mpanda ndi mlonda pageti.

"Mkati" ndi pati?

Apa ndi pamene malamulo ambiri amabowokera, ndipo kwathu kuno, kumene anthu amakonda kumwera pakhonde ndi m'zisakasa, mpofunika kusamala. Pali matanthauzo awiri odziwika. La ku England limati malo a denga ndi "mkati" ngati mipata yosatsekeka ili yosakwana theka la makoma onse, ndipo zitseko ndi mawindo sizimawerengedwa ngati mipata. Denga la tenti limawerengedwanso ngati denga. Tiyerekeze khonde la mamita 6 ndi 4, lotalika mamita 3. Kuzungulira kwake ndi mamita 20, choncho makoma onse akanakhala masikweya mita 60. Likatchingidwa kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri, kutsogolo kokha kuli pululu, mpata ndi 18 mwa 60, ndipo limenelo ndi mkati. Likatchingidwa kumbuyo ndi mbali imodzi yokha, mpata ndi 30 mwa 60, theka ndendende, ndipo kusuta nkololedwa. Chimene chimachitika n'chakuti tsiku loyendera khonde limakhala lotseguka, koma mvula ikayamba kapena mphepo ya Juni ikawomba, mwini wake amatsitsa mapepala a pulasitiki kapena mphasa. Lamulo linene momveka kuti chotchinga chilichonse, kaya njerwa, malata, nsungwi, nsalu kapena pulasitiki, kaya chokhazikika kapena chongokoleka, ndi khoma.

Tanthauzo lachiwiri ndi la malangizo a ndime 8 ya FCTC amene maiko anagwirizana mu 2007: malo alionse ofoleredwa kapena otchingidwa ndi khoma ngakhale limodzi. Silifuna masamu, koma limakokera chisakasa chilichonse m'gulu la mkati, ndipo eni mabala adzalikana mwamphamvu. Pakati pa awiriwa pali njira imene woyendera angaione ndi maso: denga ndi makoma opitirira awiri ndi mkati. Ndi yofooka pang'ono pa thanzi, koma siyambitsa mkangano pakati pa usiku.

Mawu akuti "kusuta" nawonso amafuna tanthauzo. Lembani kuti kugwira chilichonse choyaka chosutidwa ndi kusuta, kaya munthu wachiika pakamwa kaya ayi, ndipo tchulani ndudu, chingambwe, kaliwo, shisha (fodya wa fungo la zipatso wosutira m'botolo la madzi) ndi ndudu za batire. Mukaiwala shisha, malo ena adzanena kuti awo ndi zipatso chabe. Uganda inangoiletseratu shisha. Fodya wofwenkha ndi wa pansi pa lilime alibe utsi, ameneyo musiyeni kunja kwa lamuloli.

Chindapusa chigwere ndani?

Kulanga wosuta yekha kumaoneka kolungama chifukwa ndiye wayatsa, koma osuta ndi ambirimbiri, amazimitsa ndudu akangoona yunifomu, ndipo ena aledzera. India kuyambira pa 2 Okutobala 2008 inaika chindapusa cha ma rupee 200 kwa wosuta, ndalama imene inapepuka chaka ndi chaka. Mwini malo ndi mmodzi, sathawa, ali ndi dzina m'kaundula wa khonsolo, ndipo amakhalapo usiku uliwonse pamene woyendera kulibe. Maiko amene zinthu zinayenda anaika mtolo waukulu pa iyeyo. Ku England kuyambira pa 1 Julaye 2007 wosuta amalipira mapaundi 50, kapena 30 akalipira m'masiku 15, pamene mwini malo wolekerera angalipitsidwe mpaka mapaundi 2,500. Ku South Africa wosuta ndi R500, mwini malo mpaka R50,000. Ku Beijing kuyambira pa 1 Juni 2015 munthu ndi mpaka ma yuan 200, malo mpaka 10,000.

Koma mwini malo asalangidwe chifukwa choti wina wayatsa ndudu iye ali kuseri. Alangidwe chifukwa chosachita zimene lamulo lamulembera, ndipo zikhale zinthu zooneka. Chikwangwani pakhomo lililonse lolowera, m'Chichewa ndi m'Chingerezi kapena chiyankhulo cha deralo, chokhala ndi chithunzi cha ndudu yodulidwa mzere ndi nambala ya foni yodandaulirako. England poyamba inalamula kuti chisachepere theka la pepala la A4. Timbale totayiramo phulusa tisapezeke m'nyumba. Ku New York kambale kokhako n'kulakwa kale, ndipo ndi umboni wabwino chifukwa sikazimitsidwa ngati ndudu. Munthu akayatsa, wantchito amuuze kuti azimitse kapena akasutire panja. Akakana, asamugulitsenso kanthu ndipo amupemphe atuluke. Akachita makani, alembe m'kabuku nthawi ndi zimene zachitika, n'kuimbira khonsolo kapena apolisi. Mwini malo amene waonetsa kuti anachita zonsezi alibe mlandu. Osalamula wantchito kugwirana ndi woledzera.

Kukula kwa chilango kuli ndi misampha iwiri. Chochepa kwambiri chimasanduka mtengo wa bizinesi: ngati chindapusa chikufanana ndi kireti imodzi ya mowa, mwini bala angolipira n'kupitiriza. Ndipo nambala yolembedwa m'lamulo imakalamba msanga. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023. Funsani loya wa khonsolo ngati chilango chingamangiriridwe ku mtengo wa laisensi, umene umasintha chaka ndi chaka, ndiponso malire amene lamulo lalikulu limaika pa zindapusa za makhonsolo. Msampha wina ndi chilango choopsa. Zambia mu 2008 inatulutsa lamulo la Statutory Instrument No. 39 pansi pa unduna wa maboma ang'ono, lokhala ndi ndende mpaka zaka ziwiri, ndipo la Kenya la 2007 lili ndi miyezi isanu ndi umodzi. Palibe wapolisi kapena majisitireti amene amafuna kutsekera bambo wa ana chifukwa cha ndudu imodzi, choncho milandu siipita patali, ndipo chiopsezo cha ndende chimangokweza mtengo wa "ya fanta".

Chogwira ntchito ndi makwerero. New York, imene lamulo lake linayamba pa 30 Malichi 2003, inaika madola 200 mpaka 400 koyamba, 500 mpaka 1,000 kachiwiri, 1,000 mpaka 2,000 kachitatu m'miyezi 12, ndipo kachitatuko chiphaso cha bizinesi chingalandidwe. Kwa khonsolo ya kuno tinganene: chenjezo lolembedwa, kenako chindapusa, kenako chindapusa chowirikiza, pomaliza kuimitsa laisensi kwa masiku angapo. Mwini bala saopa chindapusa monga amaopera kutsekedwa Loweruka la kumapeto kwa mwezi.

Woyendera akhale ndani?

Apolisi ali ndi mphamvu yomanga ndipo amayenda usiku, koma ali ndi milandu ya kuba ndi ngozi za pamsewu, ndudu idzakhala kumapeto kwa mndandanda. Kubwera kwawo kumasandutsanso nkhani ya umoyo kukhala ya upandu. Ogwira ntchito za umoyo ndi ukhondo a khonsolo amalowa kale m'malo amenewa kukaona zimbudzi, khitchini ndi ziphaso, choncho kuwonjezera mizere itatu pa fomu yawo n'kotchipa. Ireland ndi England anadalira amenewa. Vuto lawo ndi nthawi: amaweruka 5 koloko, pamene utsi umayamba 8 koloko. Bala yoyenderedwa Lachiwiri m'mawa imakhoza mayeso nthawi zonse. Bajeti ikhale ndi ndalama ya maola a usiku ndi mafuta, ndipo apolisi aziperekeza pokhapokha pamene pali chiopsezo.

Masamu ake si oopsa. Tiyerekeze khonsolo ya malo 300 a laisensi ndi oyendera anayi, oyenda awiriawiri. Gulu lililonse likayendera malo asanu ndi atatu usiku umodzi, kawiri pa sabata, ndiye malo 32 pa sabata, ndipo m'masabata khumi onse afikiridwa. Pambuyo pake simufunikanso kuyenda paliponse mofanana: bwererani kumene munapeza cholakwa pasanathe masabata awiri, ndipo enawo muziwasankha mwa maere. Oyendera azisinthana madera ndi anzawo oyenda nawo, asamadziwitse za ulendo, ndipo asalandire ndalama m'manja. Azipereka tikiti ya nambala, munthu akalipire ku akaunti ya khonsolo kubanki kapena pafoni. Pa fomu alembe tsiku, ola, chiwerengero cha osuta, timbale ta phulusa, chikwangwani, dzina la woyang'anira amene anamupeza, ndipo ajambule chithunzi.

Nambala ya madandaulo imathandiza kudziwa koyambira. Beijing inagwiritsa ntchito 12320 pamodzi ndi anthu ongodzipereka oyendera malo. Greece, imene inakhala ndi malamulo angapo osatsatidwa kuyambira 2002, inayamba kuona kusintha mu 2019 boma litakhwimitsa kuyendera n'kutsegula nambala ya 1142. Kuno nambala ya WhatsApp ingakwane, bola wina aziyankha. Nambala yosayankhidwa imauza anthu kuti khonsolo yasiya. Dzina la wodandaula libisidwe, chifukwa kawirikawiri amakhala wantchito wa pamalopo. Ongodzipereka angaphunzitse ndi kupereka malipoti, koma asapatsidwe mphamvu yolipitsa. Mzinda wa Davao ku Philippines, umene lamulo lake ndi la 2002, unakhazikitsa gulu limodzi la azaumoyo, apolisi ndi a ziphaso lokhala ndi mtsogoleri wodziwika, ndipo phunziro lake ndi lakuti pakhale munthu mmodzi amene afunsidwe zinthu zikapanda kuyenda.

Khomo lolowera lamulo

Lachangu kuposa onse ndi malo a khonsolo yeniyeniyo: maofesi, maholo, mashedi a m'misika, madepoti ndi zipatala zake. Pamenepa chigamulo cha msonkhano wa khonsolo n'chokwanira, monga mwini nyumba aliyense. Yambirani pano, chifukwa mwini bala sangamvere khonsolo imene mlonda wake akusuta pakhomo la ofesi ya ziphaso.

Lachiwiri ndi kuika kuletsa kusuta pakati pa mfundo za laisensi ya mowa kapena ya malo odyera. Limafika kwa amene akufunikira, ndipo ndodo yake ilipo kale. Kufooka kwake n'kwakuti silikhudza wosuta, silifika m'maofesi a makampani ndi m'minibasi, ndipo mwini bala angakatsutse kukhoti kuti mfundoyo ilibe tsinde m'lamulo.

Lachitatu ndi lamulo la khonsolo lathunthu. Limadutsa m'komiti ya zaumoyo, kwa loya, kukambirana ndi anthu, msonkhano wa khonsolo yonse, kenako kwa nduna ya maboma ang'ono kuti ivomereze ndi kulisindikiza m'gazeti ya boma. Zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo kulipitsa munthu lisanasindikizidwe ndi kudziitanira mlandu. Ndime ya zilango ndi ya apilo zilembedwe mosamala. Mzinda wa Helena ku Montana unayamba kuletsa mu Juni 2002, koma mu Disembala woweruza analiimitsa lamulolo pa nkhani ya kayendetsedwe ka milandu ya olakwa, osati pa nkhani ya utsi. Madokotala a kumeneko anawerenga odwala mtima 24 m'miyezi isanu ndi umodzi imeneyo, pamene zaka zina miyezi yomweyo ankakhala pafupifupi 40. Tauniyo ndi yaing'ono ndipo manambala otere amasinthasintha, choncho pokambirana ndi makhansala dalirani a ku Scotland aja. Yembekezeraninso otsutsa a ndalama zawo: kampani ya fodya ya BAT Uganda inatengera lamulo la Uganda la 2015 lija kukhoti loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo inagonja mu 2019. Pokambirana ndi anthu itanani eni mabala, ogwira ntchito awo, a mabungwe a minibasi ndi a mipingo, koma ndime 5.3 ya FCTC imafuna kuti makampani a fodya asakhale nawo polemba.

Kudikira lamulo la dziko lonse kuli ndi ubwino umodzi weniweni, kuti malire amatha. Blantyre ndi Lilongwe aliyense ali ndi khonsolo ya mzinda ndi ya boma, ndipo imodzi ikaletsa inzake osaletsa, mabala a m'malire adzadandaula. Makhonsolo oyandikana angagwirizane mawu amodzi ndi tsiku limodzi. Choopsa cha lamulo la dziko n'chimene chinachitika m'zigawo zingapo za America, kumene nyumba za malamulo zinapanga lamulo lofooka n'kuikamo ndime yoletsa mizinda kukhwimitsa kuposa pamenepo. Lamulo lotere likadzafika ku Nyumba ya Malamulo, makhonsolo aonetsetse kuti likuwasiyira ufulu wowonjezera.

Pakati pa kusindikiza ndi kuyamba pakhale nthawi yokonzekera. New York inapereka masiku 90, Ireland inalengeza kutatsala chaka ndi miyezi iwiri. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi ndi yabwino. Ikachepa zikwangwani sizifika, ikatalika otsutsa amapeza mpata wofooketsa. M'nthawiyo mwini malo aliyense alandire kalata ya tsamba limodzi ndi zikwangwani ziwiri zaulere, oyendera aphunzitsidwe, ndipo wailesi za m'dera zibwereze tsikulo. Musayambe mu Disembala, mvula ili pakati ndi mabala ali odzaza, kapena mu Juni kukuzizira. Epulo kapena Seputembala munthu amatuluka panja osadandaula. Mwezi woyamba ukhale wa machenjezo, koma tsiku loyamba kulipitsa lilengezedwe ndipo lisasunthe. Woyamba kulipitsidwa asakhale mayi wa kagolosale. Akhale malo akulu odziwika amene anachenjezedwa n'kunyozera.

M'minibasi mlandu ukhale wa dalaivala ndi kondakitala, ndipo njira yachidule ndi makomiti a pa siteji, amene ali kale ndi mphamvu yoletsa galimoto kupakira. Kumene laisensi siifika ndi kumashabini, kumalo a kachasu ndi m'tizipinda toonetsera mpira ndi mafilimu, mmene ana amakhala mopanikizana ndi akuluakulu, zitseko zili zotseka kuti kuwala kusalowe. Tikiti ya khonsolo kumeneko ilibe adiresi yopitako. Amene amadziwa mwini wa kachipinda kalikonse ndi mfumu, mabuloko lida, komiti ya msika ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, choncho lamulo liwatchule ngati olandira madandaulo, ndipo zikwangwani zoyamba kusindikizidwa zipite m'tizipinda ta mpira timeneti.